Pasiwedi ya Pakhoma

Sukulu ndinalekezera Fomu 3, ndipo musandifunse chifukwa. Chomwe ndinatsala nacho ndi foni yong'aluka galasi ndi ntchito yojambula mapepala pa shopu ina ya fotokope ku Ginnery Corner. Makasitomala akachepa ndinkalemba m'buku lalikulu la pa intaneti lija, lomwe aliyense amaloledwa kulembamo kapena kukonza zimene mnzake walemba, popanda malipiro. Mbali ya Chichewa tinkaisamala anthu ochepa. Mu Blantyre muno odziwana tinali atatu: ine, bambo wina wogwira ntchito m'sitolo yopikulitsa katundu ku Limbe, ndi amayi ena a ku Kanjedza amene anapuma pa ntchito yauphunzitsi. Amayiwo ndiwo anali ndi mphamvu yotsekera anthu owononga. Tinkangowatchula kuti Aphunzitsi.

Tsamba la Chilobwe ndinalilemba ndekha. Linanditengera zaka ziwiri, chifukwa chiganizo chilichonse Aphunzitsi ankafunsa kuti ndachitenga kuti. Ndikawauza kuti ndinabadwira komweko, ankati kubadwira si umboni. Ndinafufuza m'nyuzipepala zakale mpaka zala kuda, ndinajambula msika, ndinawerenga mabuku omwe kusukulu sindikanawakhudza. Zonsezo zinalembedwa pansi pa dzina langa la m'bukumo. Satifiketi ndilibe. Dzina limenelo ndiye linali satifiketi yanga, ndipo ndinkalionetsa kwa aliyense wokhala pakhonde la shopu, wofuna ndi wosafuna yemwe.

Tsiku lina ndinapeza kuti wina wasintha chiganizo choyamba. Chilobwe inali itasanduka likulu la mbava. Munthuyo analibe dzina. Pamalo pa dzina pankaoneka nambala ya netiweki imene walowera. Ndinabweza mawu anga. Mawa lake analemba kuti anthu a ku Chilobwe amasamba kamodzi pamwezi. Ndinabwezanso. Zinatero masabata awiri, iye kuipitsa, ine kukolopa. Kuwononga kumamutengera kamphindi, ine kumandidyera nkhomaliro.

Aphunzitsi ankamulembera machenjezo aulemu, oyamba ndi moni, ngati akulembera mpongozi. Ine ndinamulembera zanga patsamba lokambirana. Ndinamutcha galu, ndinamutcha chitsiru, ndi mawu ena omwe sindingabwereze pano. Aphunzitsi anafufuta zonsezo n'kundiuza kuti bukuli si siteji ya minibasi. Ndinawakakamiza tsiku ndi tsiku kuti atseke nambalayo, pasadutse aliyense wolowera pamenepo. Pomaliza anatopa nane, anatseka.

M'mawa mwake ndinafika kuntchito, ndinalumikiza foni ku wayifayi ya pashopu, ndinayesa kukonza tsamba lina. Zinakana. Panabwera uthenga woti nambala imene ndikulowera yatsekedwa chifukwa cha kuwononga. Inali nambala yomwe ija. Masabata awiri ndinkaitukwana osadziwa kuti ndi yathu, chifukwa ukalowa ndi dzina nambala yako suiona.

Munthu wanzeru akanakhala pansi kaye. Ine ndinajambula uthengawo n'kuutumiza pagulu lathu la pa foni, ndikudandaula kuti Aphunzitsi atseka molakwika. Bambo wa ku Limbe anayankha msanga.

"Achimwene, ndiye kuti moto mumayatsa nokha, n'kuzimitsa nokha, kuti tizikuomberani m'manja?"

Anapitiriza kuti zoterezi anazionapo, ndipo mankhwala ake n'kutseka dzina langa mpaka kalekale. Anawonjezera kuti ntchito imeneyi imafuna anthu oti anapitako patali. Ndinamva kumene ankaloza. Ndinalemba yankho lalitali, koma ndisanatumize Aphunzitsi analemba kuti aliyense akhale chete, abwera kudzaona okha.

Anabwera Lachitatu pa minibasi, ambulera m'manja. Sanandipatse moni wautali. Anayang'ana makina, anayang'ana ine, kenako anayang'ana khoma. Pamwamba pa makinawo panali katoni yomwe abwana anga analembapo pasiwedi ya wayifayi ndi zilembo zoti ungawerenge uli kutsidya kwa msewu. Ophunzira odikira mapepala, oitanira minibasi, ogulitsa mayunitsi, alonda a m'mafakitale, onse ankamwa pachitsime chimenecho. Ndinati nkhani yatha. Aphunzitsi anati katoni ikungosonyeza kuti akhoza kukhala wina, sikusonyeza kuti si ine.

Anatsekula nambala ija, analanda foni yanga n'kuiponya m'chikwama chawo, anakhala pampando wa kompyuta ya pashopu kuti ndisaikhudze. Anati azibwera m'mawa uliwonse mpaka wowonongayo adzabwerenso, ndipo foni izigona ku Kanjedza. Ndinawafunsa ngati wowonongayo atapanda kubweranso.

"Ndiye kuti wasiya tsiku lomwe foni yako yalowa m'chikwama. Udziyankhe wekha."

Masiku awiri ndinapempherera munthu amene ndinkadana naye kuti achimwenso. Aphunzitsi ankangokhala, akukonzera makasitomala makalata ofunsira ntchito osapemphedwa. Abwana ankaganiza kuti ndi azakhali anga.

Lachisanu masana, manja anga onse ali pa makina, foni yawo inalira kuwadziwitsa kuti tsamba lasinthidwanso. Anawerenga, anavula magalasi, n'kundionetsa. Tsamba linkati ku Chilobwe kulibe anthu, kuli agalu okhaokha ndi wa fotokope mmodzi.

Ndinasiya mapepala a kasitomala n'kutuluka. Pakhonde panali anthu oposa khumi, aliyense mutu uli pa foni. Onse ndinkawadziwa. Onse ndinawaonetsapo tsambalo. Ndinafunsa mokweza kuti ndani, ndipo mmodzi anandifunsa ngati wayifayi yavuta. Mpaka lero wowonongayo sindikumudziwa.

Nditabwerera mkati Aphunzitsi anali atalemba kale pagulu kuti aona ndi maso awo, si ine. Bambo wa ku Limbe anatumiza kachithunzi ka chala chachikulu, basi. Kenako Aphunzitsi anakhoma tsamba la Chilobwe kuti azisintha okhawo olowa ndi dzina. Zinawatengera kamphindi. Ndinawafunsa chifukwa chomwe sanachitire zimenezi tsiku loyamba. Anati buku ndi la aliyense, sakhoma chitseko asanatsimikize kuti palibe njira ina.

Anatulutsa foni yanga n'kundipatsa.

"Dzina lako likhala. Koma kutukwana kuja sindinaiwale. Ndakutsekera sabata imodzi."

"Aphunzitsi, wonditcha galu ali pakhondepo, akugwiritsabe ntchito wayifayi."

"Unayamba ndiwe kumutcha galu. Zili m'mbiri ya tsamba, ukawerenge. Nthawi uli nayo."

Anatenga ambulera yawo n'kupita kukakwera minibasi ya ku Limbe. Madzulo ndinapempha abwana kuti tichotse katoni ija pakhoma. Anati katoniyo imabweretsa makasitomala ambiri kuposa ine.