TV Imene Ndinayeza ndi Tepi ya Utelala

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu wanga, amene amamva ngakhale pemphero la munthu wotopa loti latuluka theka lokha. Zimene ndikufuna kunena ndi zazing'ono, koma kwa ife zinali chifundo chake chenicheni.

Amuna anga anatsogolera kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Chilomoni zaka zambiri. Sitiroko itawagwira, mbali ya kumanzere inafooka, khosi linauma, mawu nawo anayamba kutuluka mokakamiza. Nyumba yathu ili pamtunda, njira yake ndi yamiyala, moti kuwatsitsira kutchalitchi sikunatheke. Mayi wina wophunzitsa odwala mafizo anatiuza kuti ena amene kuyankhula kwawavuta amatha kuyimba, choncho tiyese. Mapemphero a pa TV amaonetsa mawu a nyimbo m'munsi, koma TV yathu yakale, yachimimba ija, zilembo zake zinkaoneka ngati nyerere. Bambo ankaziyang'anitsitsa, kenako n'kutembenukira kukhoma.

Tsiku lina mwana wathu wa ku Lilongwe anaimba foni kuti ndipite ndikasankhe yopyapyala, ya HD, yoika kuchipinda. Ndinavina ndekha pakhonde, foni ili m'manja. Alamu anga, ang'ono awo a bambo, atamva anabwera madzulo omwewo ndi uphungu wawo.

"Mlamu, musachite manyazi, tengani ya mainchi 55. Mpira tizidzaonera konkuno."

Ndinawauza kuti kuchipinda kwa akulu awo si shoo ya vidiyo.

Ine ndine telala, ndipo sindidula nsalu ndisanamuyeze mwini wake. Ndinapempha makatoni kugolosale, n'kudula mapatani atatu: la mainchi 32, la 43 ndi la 55 m'lifupi. Malo amene tinali nawo ndi khoma la kumiyendo kwa bedi, pakati pa wadirobu ndi zenera. La 55 linakana kulowa pang'ono pokha, la 43 linakwana malo n'kutsala. Ndinayezanso kuchokera papilo kukafika kukhoma, ndinapeza mainchi 80.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Limbe, tepi ili m'khosi, mtima ukudumpha ngati ndikupita ku ukwati. M'sitolomo ma TV anali ndandanda, onse akuonetsa nsomba zamitundumitundu, mpaka mamba kuoneka limodzilimodzi. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Kenako ndinakumbukira chimene ndinabwerera, n'kuyala tepi pa ya 43. Inangokwana mainchi 38.

"Achimwene, mainchi asanu enawo mwapita nawo kuti?" ndinamufunsa wogulitsa.

Anaseka mpaka kugwira pamimba. Anatenga tepi yanga n'kuyiika mopingasa, kuchokera pakona ya pamwamba kukafika pakona ya pansi, ndipo 43 inakwana ndendende. Anati TV siyezedwa ngati chiuno. Manyazi anandigwira, koma chimwemwe chinaposa, chifukwa zinatanthauza kuti zonse zitatu zikhoza kukwana pakhoma lathu. Iye anakakamira kuti yaikulu ndiye yabwino. Ine ndinamupempha kuti aike pulogalamu yokhala ndi mawu m'munsi, ndinayeza kutalika kwa zilembo pa TV iliyonse, n'kumuuza kuti ndikafunse kaye mwini maso.

Kunyumba ndinadulanso makatoni aja moyenera. M'munsi mwa lililonse ndinalemba ndi maka mzere wa nyimbo imene bambo ankaikonda, zilembo zake molingana ndi mmene ndinayezera. Ndinakhoma msomali n'kuyamba kupachika limodzilimodzi.

Pa 32 bambo anatsinzina maso, kenako anapukusa dzanja. Ndinathamangira pa 55, chifukwa pansi pa mtima nanenso ndinkaifuna, anthu adzaone kuti kwathu kwalowa chinthu. Apa ndi pamene ndinaphunzira chimene wogulitsa sakanadziwa. Zilembo zinali zazikulu bwino, koma mzere unatalika. Kuyambira pamene anadwala, bambo saona bwino za kumanzere, ndiye chiyambi cha mzere chinkawathawa. Kuti achipeze ankayenera kupotoza khosi, ndipo ndinaona nkhope yawo ikukwinyika ndi ululu. Ndinalitsitsa msanga katonilo, n'kupempha Ambuye andikhululukire kunyada kwanga.

Pomaliza ndinapachika la 43. Maso anayenda kuchokera koyambira mpaka kumapeto, mutu osasuntha. Kenako anamenya matiresi ndi dzanja lamanja katatu.

Loweruka TV ya 43 inafika. Aneba athu, bambo wachisilamu wowotcherera zitsulo, ndi amene anatipangira bulaketi yokolekera TV pakhoma. Ine ndinkafuna aikhome pamene panali msomali, koma iwo anakana. Anati munthu wogona saona ngati munthu woimirira. Anavula nsapato, anapempha chilolezo, n'kugona pabedi pambali pa bambo, mutu papilo yanga.

"Mayi, musadandaule, amuna anuwa sindikulandani, ndikungoyeza," anatero.

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Ndinali ndisanamve kuseka kumeneko miyezi yambiri. Anebawo anakweza TV pang'ono, n'kuiweramitsa kuti iyang'ane papilo, ndipo sanachoke mpaka bambo atavomera ndi dzanja.

Lamulungu sindinapite kutchalitchi. Ndinawasambitsa bambo, ndinawaveka malaya oyera, n'kukhala pamphepete pa bedi. Magetsi analipo, ndipo ndinathokoza. Nyimbo yoyamba inadutsa iwo akungoyang'ana, ine mtima uli m'mwamba. Pa yachiwiri milomo inayamba kugwedera. Pofika pakolasi mawu anatuluka, okhakhala, otsalira m'mbuyo pang'ono, koma a nyimboyo ndithu. Sanayimbe mzere wonse. Anatola mawu atatu kapena anayi, n'kudikira kuti abwerenso. Ine ndinangopukuta misozi ndi chitenje. Vesi lomaliza litatha anandiyang'ana, n'kuloza rimoti kuti ndikweze voliyumu.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akudalitseni m'nyumba zanu. Amene muli ndi wodwala kuchipinda, akupatseni mphamvu ndi kuleza mtima, ndipo akulolereni kumva mawu a wokondedwa wanu akutamanda dzina lake. Mtendere wake ukhale nanu. Amen.