Sindinatsinzine pa Pemphero la a Gondwe

Ndinachoka ku Kamitondo chifukwa cha Tamara. Atate ake, a Gondwe a ku Parklands, mkulu wa mpingo, atamva kuti sukulu ndinalekera giredi naini chifukwa cha ndewu, anamufunsa kuti, "Ameneyo adzakudyetsa chiyani, zibakera?" Sabata yomweyo ndinakwera basi ya ku Joni.

Zaka zitatu ndinali mlonda pa holoselo ina. Kawiri konse achifwamba anandigoneka pansi, mfuti ili pakhosi. Mnzanga wa ku Chipata anamuwombera masanasana, anthu akuona, chifukwa anachedwa kutulutsa foni. Kuyambira tsiku lomwelo ndinasiya kuyang'ana nkhope za anthu. Ndinkayang'ana manja.

Ndalama ndinkatumiza, Tamara ankathokoza. Koma m'mauthenga ake munkangotuluka dzina limodzi. "Lero ba Gift andiperekeza kuntchito." Gift ameneyu ndi wa kwaya ya kwawo, wamagalasi, wagalimoto. Ndinaswa mafoni awiri chifukwa cha iye, ndekha m'kachipinda kanga.

Nditabwerera, a Gondwe anavomera kundiona. Ndinapita ndi amalume Lamulungu masana, suti ili yatsopano. Tisanayambe nkhani ya ukwati, a Gondwe anati, "Tiyeni tipemphere." Chitseko chinali pululu, geti osatseka, mafoni patebulo. Onse anatsinzina. Ine ndinayesa, zinakanika. Ndinkawayang'ana, mtima ukuwawa: anthu awa amatha bwanji?

Pemphero lili mkati, munthu analowa osagogoda, dzanja lili m'jekete. Sindinaganize. Ndinalumpha tebulo, kumugwetsa, bondo pachifuwa, chibakera pakamwa. Makapu anasweka. M'jekete munatuluka buku la nyimbo.

"Yona, iwe!" anakuwa amalume. "Wapenga?"

Anali Gift. Anabweretsa buku lomwe amayi a Tamara anaiwala kutchalitchi.

A Gondwe sanakweze mawu. Anati, "Mwana wanga, pano anthu amangolowa. Ndi mmene timakhalira." Kenako anauza amalume kuti nkhani yathu ithere pomwepo.

Tamara ananditsatira mpaka pamsewu.

"Ndiuze zoona. Unaona mfuti, kapena unaona ba Gift?"

"Ndinaona dzanja."

"Nanga chibakera chachiwiri chija? Buku linali litagwa kale."

Tamara anabwerera m'nyumba, ndipo ndinamva Gift akulankhula movutikira ndi mlomo wong'ambika, akuuza a Gondwe kuti, "Musiyeni, kumene wachokako n'kovuta." Kundikhululukira! Bola akanandimenya.

Tsopano ndimagulitsa matayala ku Mushili. Ukwati wa Tamara ndi Gift sindinapiteko. Ndikanama ndikanena kuti za Tamara sizindipweteka, ndipo galimoto ija ndimaisirirabe. Koma chomwe chimandiwotcha kwambiri n'chakuti Gift, ngakhale nditamuswa mlomo, amalowabe m'nyumba za anthu dzanja lili m'jekete, osaganiza kanthu. Ine ndinapita ku Joni ndili nawo mtima umenewo, ndinabwerako ndi suti.