Tsiku limene ananditsitsa mu lole ya masapota

Timu ya kwathu ku Chia ndinayamba kuisapota ndili mtsikana. Mlongo wanga wamng'ono ndiye anali goloboyi, ine ndinali woyambitsa nyimbo. Ndikamaliza kugulitsa chambo pamsewu ndinkathamangira kubwalo mamba ali m'manja. Koma kumasewero akutali ndinali ndisanapiteko, mpaka chaka chimene tinakasewera ku Ngala.

Tinakwera lole yomwe masiku ena inkanyamula mpunga. Munthu wamkazi ndinalimo ndekha. Wapampando wa masapota, bambo wina wosoka maukonde, anachita kundigwira dzanja pondikweza.

"Kwerani achemwali," anatero. "Popanda mawu anuwo anyamatawa miyendo imawalemera."

Tinaimba njira yonse. Pa boma anthu anatibayibitsa, pa Dwangwa anyamata a kabaza anatitukwana, ife n'kumangoseka. Mankhusu a mpunga ankatilowa m'maso, koma ndani ankasamala?

Ku Ngala anatilandira ngati akuba. Anatiika mbali yoyang'anizana ndi dzuwa, ndipo kuseri kwa golo la mlongo wanga kunaima gulu la asodzi, kumugenda ndi makoko a nzimbe uku akutukwana amayi athu. Chigawo choyamba mlongo wangayo anagwira bwino. Chachiwiri chitangoyamba, kampira kofooka, koti ndi mwana yemwe akanakagwira, kanamudutsa pakati pa miyendo. Kuchokera pamenepo mutu unamubalalika. A ku Ngala anatithira zigoli mpaka ndinasiya kuwerenga, mawu anga atasasa.

Tinakwera lole kubwerera kwathu. M'njira anamuyamba mlongo wanga mmodzimmodzi.

"Akupatsa chiyani anthu amenewa?"

"Manja ngati phala!"

Wina anamulanda magolovesi n'kumumenya nawo kumaso. Iye anangozyolika, misozi ili chuchuchu. Ndinaimirira n'kunena kuti amusiye, mpira sasewera munthu mmodzi.

Apo mdala wina amene ankasunga mankhwala a timu anatsokomola.

"Mwanayu mukungomulakwira," anatero. "Ine ndinakonza zonse bwinobwino. Koma munaona kuti mankhwala akukwera galimoto limodzi ndi munthu wamkazi? Asukuluka basi."

Onse anacheukira kwa ine. Wapampando, yemwe uja wondikweza, anafunsa mokweza kuti aliyense amve: "Achemwali, tiuzeni zoona. Simuli kumwezi inu?"

Anaseka. Anyamata amene ndinawaona akukwawa, ena ndinawaberekapo kumbuyo, anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ndinayang'ana mlongo wanga, kudikira liwu limodzi lokha.

Anapukuta misozi n'kunena, osandiyang'ana, "Ine ndinawauza kuti atsale. Samva."

Sanandiuzepo zimenezo. M'mawa womwewo ndi iyeyo amene anandidzutsa kuti ndisachedwe.

Wina anamenya denga la lole, dalaivala n'kuima. Tinali tisanafike pa Dwangwa, pakati pa minda ya nzimbe. Sanandikankhe ayi. Anangopatuka n'kundisiyira njira, ngati mmene anthu amachitira maliro akamadutsa. Nditatsika, mnyamata wina anandiponyera nsapato yomwe inavukira mu lolemo. Lole itanyamuka anayambitsa nyimbo, nyimbo yopeka ine ndemwe, atalowetsamo mawu olaula.

Ndinayenda wapansi mpaka pa Dwangwa. Mayi wina wogulitsa tomato, amene ankandigula nsomba akamadutsa kwathu, anandisunga pakhomo pake osafunsa zambiri. M'mawa anandikweza minibasi.

Kumudzi amayi anali atamva kale. Ndinkayembekeza kuti amukalipira mwana wawoyo. Iwo anangoti, "Mlongo wako usamuvutitse. Akanapanda kutero akanamuthyola manja. Iwenso unkafunanji pakati pa amuna?"

Loweruka lotsatira timu inasewera pakhomo. Ine ndinatenga khasu n'kupita kukapalira chinangwa. Anapambana, ndipo mlongo wanga anagwira penate. Pobwerera kumunda anthu ankandiimitsa panjira, kundithokoza kuti ndachita bwino kukhala kutali. Ena ankanena moseka, ena ndi mtima wonse.

Koma chimene chimandiwawa mpaka lero si chimenecho. Ndili m'mundamo ndinamva mfuu wa chigoli kuchokera kubwalo, ndipo ndisanaganize n'komwe ndinali nditaponya khasu pansi, ndikululuta ndekhandekha pakati pa mizere.