Mpweya Wofunda Umene Unanditengera Mkazi

Inu owerenga, ine ndinataya mkazi chifukwa cha nzeru zanga zomwe. Sindinamumenyepo, sindinamugonekepo ndi njala, koma ndikakhala pansi n'kuganiza bwino, dzanja langa lilimo.

Ndinabadwira pa purazi ina, kapena kuti famu, kufupi ndi tauni ya Beatrice kumwera kwa Harare, makolo anga anachokera ku Ntcheu. M'zaka za m'ma 1980 ndinali dalaivala wa thirakitala, ndipo nditakwatira Nabanda, foromani anatipatsa nyumba ya kumapeto kwa komboni. Nyumbayo inamangidwa pamalo pamene kale ankakumba golide. Mgodiwo anangoukwirira n'kuthirapo simenti.

Chisanu cha kuno mu Juni si chamasewera. Chaka choyamba ndinaona mng'alu pansi, pakona ya chipinda, ndipo ukaikapo dzanja pankatuluka kampweya kofunda. Ndinasangalala ngati ndatola chikwama. Anzanga ankalimbana ndi mbaula n'kumadzuka mutu ukuwawa, ine ndili ndi chotenthetsa chosafuna makala. Ndinatenga hamala n'kukulitsa mng'aluwo mpaka chibakera kumalowa. Kenako ndinakhoma masaka a feteleza pazenera, n'kumata dothi timabowo tonse ta pamwamba pa khoma. Pa komboni ndinkadzitama kuti ine mutu umagwira.

Nabanda ankasoka zovala pa makina apamanja. Tebulo lake ndinaliika pakona pomwepo kuti asamazizidwe miyendo. Ine ndinkalawirira kokathirira tirigu, mwana wathu Rute n'kupita kusukulu, iye n'kutsala m'menemo tsiku lathunthu chitseko chili chotseka. Tsiku lina anandiuza kuti, "Baba Rute, muno mukumveka fungo la mugodhi. Titsegule zenera pang'ono chete." Ndinaseka n'kumuyankha kuti, "Amai Rute, chando chonsechi, kuzizira chonchi, mukufuna mutiphe?" Sanabwerezenso, poti sanali munthu wamakani. Tinakhala choncho zaka khumi ndi ziwiri.

Anayamba ndi kachifuwa kouma. Kukiliniki anati ndi chifuwa chachikulu, anamwa mankhwala miyezi ingapo, koma ankangoondabe. Pa komboni anthu anayamba kunong'onezana kuti ndi matenda aja obwerawa, mpaka ena anasiya kumubweretsera zosoka. Zimenezi zinamupweteka kuposa chifuwacho.

Atayamba kulavula magazi anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Harare, kumene anapeza kuti ndi khansa ya m'mapapo, ndipo inali itafalikira kale. Dokotala anandiitanira pambali. Anandifunsa ngati mkazi wanga amasuta, ndinati fodya sanamukhudzepo. Anafunsa ngati anagwirapo ntchito mumgodi, ndinati ayi, kungoti nyumba yathu ili pamwamba pa mgodi wakale. Ndinafotokoza za mng'alu uja, ndipo kunena zoona ndinkafotokoza monyadira. Dokotalayo anaika cholembera pansi.

Anandiuza kuti m'miyala ya pansi panthaka mumatuluka mpweya wotchedwa radoni, umene suoneka ndiponso ulibe fungo. Panja umangomwazika, koma ukalowa m'nyumba yotsekedwa, makamaka nyengo yozizira, umaunjikana n'kumawononga mapapo pang'onopang'ono. Anati sangalumbire kuti ndiwo wadwalitsa mkazi wanga. Iye sakanalumbira, koma ine ndinkadziwa amene anakulitsa bowolo ndi amene anaikapo tebulo.

Nditabwerera ndinang'amba masaka onse, n'kuthira simenti pamng'alupo, koma madzi akatayika saoleka. Nabanda anabwera kudzathera kunyumba. Kutatsala masiku awiri kuti amwalire anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Akazi anzanga ankandisirira. Inu simunandigonekepo pozizira." Ndinangogwedeza mutu. Ndinalibe mtima womuuza, ndipo anapita akundithokoza.

Inu owerenga, makamaka inu okhala kufupi ndi migodi ndi m'malo a miyala, ming'alu ya pansi muziimata ndi simenti. Kuzizire bwanji, musatseke timabowo ta mpweya, ndipo masana muzitsegula zenera ndi chitseko. Kuzizira kuli ndi mankhwala ake, ndiwo bulangete. Ndipo mkazi wanu akakuuzani kuti m'nyumba simukupumika bwino, mvereni, chifukwa iye ndiye amakhalamo nthawi yaitali.

Rute anakulira m'chipinda chomwecho. Lero ndi mayi wa ana awiri ku Norton, ndipo ndikapita kukamuona, akangotsokomola kamodzi, chakudya chimandikanika kumeza.