Munthu Wolankhulira Makatuni ku Chongwe

Alongo anga a Ezron Miti sanapondepo m'kalasi. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa eni ake akanazibisa mpaka kumapeto, ndipo ine nthawi yotero ndilibe. Kwathu ku Katete iwo ankaweta ng'ombe za atsibweni pamene ine ndi mzime wathu Fabiano tinkapita kusukulu. Ine ndinalekezera giredi seveni, Fabiano anapitirira mpaka anakhala mphunzitsi. A Ezron anabwera kuno ku Chongwe kudzakama mkaka pa famu ina kufupi ndi Palabana, ndipo m'thumba la malaya awo simunkasowa cholembera. Cholemberacho sichinalembepo kanthu.

Mphatso yawo inali pakamwa. Munthu akalankhula kamodzi pamaso pawo, mawa lake mawu ake ankamveka kukhola mwini wake ali kunyumba. Ankatsanzira abusa, kapitawo, ngakhale mzungu wa pafamupo akamakalipa m'Chinyanja chake chopindika. Anzawo ankaseka mpaka kutaya mkaka.

Mu 1981 kunafika kalata yochokera kumudzi, ndipo inafikira kwa iwo monga wamkulu. Pafamupo aliyense ankadziwa kuti a Miti amawerenga, poti cholembera anali nacho, tsono sakanapatsa munthu kuti awawerengere. Fabiano anali atangoyamba kuphunzitsa pasukulu ina ku Chongwe konkuno, ulendo wa ola limodzi panjinga, koma sanapite nayo kumeneko. Inakhala m'thumba la jekete masiku khumi ndi limodzi. M'katimo atsibweni analemba kuti amayi adwalika ndipo akuitana ana awo aamuna. Ine ndinali kumudziko ndikuwadwazika, ndipo tsiku lililonse ankandifunsa ngati basi ya ku Lusaka yadutsa.

Anyamata awiriwo anafika amayi titawaika kale. Fabiano ndiye anaipeza kalatayo m'jekete, yosatsegula. Anafunsa funso limodzi lokha, ndipo a Ezron anayankha kuti, "Sininapeze nthawi." Kuchokera tsiku limenelo Fabiano sanawalankhulenso.

Banja langa litatha ndinawatsatira ku Chongwe, n'kupeza ntchito ikundidikira. Wina ankati, "Selestina, ukauze mlongo wako kuti mbewu yabwera kudepoti." Winayo ankati, "Ba sisi, mukauze alongo anu kuti namva." Zaka zisanu ndi zinayi ndinali positi ofesi ya amuna awiri a ndevu zawo, opemphera tchalitchi chimodzi. Zinandikwana, ndipo ndinkawauza onse awiri kuti zandikwana, koma mauthengawo ndinkanyamulabe.

Chaka cha 1989 a Ezron anali atasiya za mkaka, akulima chimanga chakufupi ndi Kanakantapa. Pamenepo a Sanford, mwini golosale ya pamsewu waukulu, anagula vidiyo ndi kawailesi ka kanema koyendera batire ya thirakitala. Loweruka lililonse masana ankatseka mawindo a chipinda chakumbuyo ndi masaka, anthu n'kudzaza pamabenchi. Pakati pa matepi amene anagula ku Lusaka panali asanu ndi imodzi a makatuni a ku Japan, nkhani imodzi yotsatizana. Anthu a m'katunimo ankalankhula Chijapani, ndipo m'munsi munkadutsa mawu a Chingerezi, mothamanga ngati akuthawa ngozi. A Sanford anafuna munthu woimirira pambali n'kumauza anthu zimene zikunenedwa. Anaona cholembera chija, n'kuitana a Ezron.

Nkhani yake inali ya anyamata awiri ophunzira lupanga kwa mphunzitsi mmodzi. Wamkulu anali ndi chipsera patsaya, ndiye a Ezron anamutcha Chipsera. Wamng'ono tsitsi lake linali njoo ngati tsache lakutha, ndiye anakhala Katsache. Awiriwa ankadana, ankasakana m'mapiri, akakumana n'kumenyana mpaka miyala kusweka, koma wina akafuna kupha mmodzi wa iwo, mnzakeyo ankatulukira n'kumuteteza. A Ezron ankangoyang'ana nkhope ndi milomo, n'kuikamo zawo. Chipsera ankalankhula ndi mawu aakulu a kapitawo uja, Katsache ankalankhula mwaulemu wonyansa ngati kalaliki wa kuboma. Ankatukwanirana za mbuzi, za malire a munda, za sopo amene anasowa m'masitolo.

Tsiku lina a tcheyamani a nthambi ya Chipani anaimitsa kanema. Anafunsa ngati anyamata awiriwo ali m'chipani chimodzi, poti nkhani za zipani zambiri zinali zitayamba kunong'onedwa. A Ezron anayang'ana mawu a m'munsi aja kwa kanthawi, n'kunena kuti onse awiri makadi ali nawo, kungoti amasiyana nthambi. A tcheyamani anakhala pansi.

Loweruka lachiwiri Fabiano anabwera. Anakhala pa benchi yakumbuyo ndi magalasi ake, ndipo pasanathe mphindi zisanu anati, "Sananene choncho." Sankauza a Ezron ayi. Ankauza denga, kapena a Sanford. "Ba Sanford, munthu uyo sanakambe za mbuzi. Wakamba kuti mphepo ya kumpoto yamukumbutsa lumbiro lake." A Ezron osacheuka n'komwe ankapatsa Katsache mawu akuti, "Ine ninapita kukoleji, mphepo nimaidziwa." Chipinda chonse chinkagwa ndi phwete. Loweruka linalo Fabiano ankabweranso.

Anthu anagawikana. Ena ankati tikufuna zimene zalembedwa, sitinabwere kudzanamizidwa. Ena ankati zolembedwazo ndi za ku Japan, ife tikufuna zomva kukoma. Mayi Tisauke, amene ankagulitsa zitumbuwa pakhomo n'kumaonera chosuzumira, anandiuza kuti iwo saona chosiyanitsa anyamata a m'katuni ndi alongo anga, kupatula kuti a m'katuniwo amalankhulana. Ndinapsa mtima chifukwa ananena zoona.

Mlandu wa zolembedwa ndi zolankhula unadziweruza wokha. Loweruka lina a Ezron anagwidwa malungo, Fabiano n'kuimirira kutsogolo. Ankawerenga Chingerezi, kuganiza, kenako kumasulira bwinobwino osasiya liwu. Pomwe ankamaliza kunena zimene munthu wanena asanalumphe, munthuyo anali atalumpha, wamenyedwa, wafa, ndipo akumulira. Theka la anthu linatuluka kukaothera dzuwa. Kenako tepi yachinayi inapezeka kuti ndi ya mtundu wina: Chijapani anachichotsamo n'kuikamo mawu a Chingerezi, m'munsi mopanda cholembedwa. Milomo inkatseka mawu akupitirirabe. Anthu anati a Sanford atsitse voliyumu, a Miti agwire ntchito. Fabiano analibe choti awerenge, ndiye analibenso choti atsutse. Tsiku limenelo a Ezron analankhula zozizira, akumacheukira kumbuyo kawirikawiri, ndipo palibe amene anaseka kwenikweni.

Mu Okutobala 1990 Fabiano anamusamutsira ku Luapula. Lole yonyamula katundu inkabwera Lolemba. Ndinapita kumunda kwa a Ezron ndipo sindinawanyengerere. Ndinati Luapula si Palabana, munthu akapita kumeneko mumakaonana pamaliro, ndipo maliro otsatira akhoza kukhala a mmodzi wa inu. Ndinati mawu amene mwana uja wadikira zaka zonsezi ndi ochepa kuposa amene mumawononga pa mbuzi za m'katuni. Ndinali ndi mantha enieni kuti asiyana chomwecho mpaka kumanda. Iwo anapitiriza kusula khasu lawo, n'kunena kuti, "Loweruka kuli tepi yothera."

Ndinapita kwa Fabiano. Iye anati Loweruka adzakhala akumanga katundu.

Anabwera, mochedwa, malaya ali fumbi lokhalokha, n'kukhala pa benchi yake. Ine ndinakhala pakati, pamene ndinkakhala nthawi zonse. Kunja kunali dzuwa la Okutobala, m'katimo tinkachita kupumirana. Chipsera ndi Katsache anamenyana pamwamba pa phiri pafupifupi theka la ola. A Ezron anawapatsa matonzo a masiku onse, Fabiano anati "Sananene choncho" kawiri, mopanda mphamvu. Kenako Chipsera anagwa, lupanga lili pachifuwa, Katsache n'kugwada pambali pake. Milomo ya Chipsera inayamba kuyenda.

Ndi mawu aakulu a kapitawo aja a Ezron anati, "Kalata ija, mufana wanga, nthawi ninali nayo. Kawiri ninafika nayo pageti ya sukulu yako. Ninakuona uli na choko kumanja, ana akuimirira ukalowa. Ninachita manyazi kuti mwana amene ninabereka kumbuyo aniwerengere. Ninabwerera. Amayi anafa akutiyembekeza chifukwa cha ine."

Mayi Tisauke anafunsa ali pakhomo kuti, "Kalata iti? Inali mu tepi ya malungo ija?"

Tsopano milomo ya Katsache ndiyo inkayenda, mawu a m'munsi akudutsa, koma a Ezron anangoti chete. A Sanford anadikira, kenako anaimitsa tepi. Onse anacheukira kumbuyo. A tcheyamani ndiwo anafunsa kuti, "Ba ticha, uyu wamng'ono wayankha bwanji?"

Fabiano anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya afumbi aja, n'kuwavalanso. Anati, "Sininawerenge bwino. Bwezani kuchokera pamene wagwa."

Ndinafuna kumuponyera nsapato. A Sanford anabweza, tinaona Chipsera akudzuka chafutambuyo, lupanga likutuluka pachifuwa, magazi akubwerera m'thupi. Kenako anagwanso, milomo n'kuyambanso kuyenda. A Ezron anafulatira kanema uja, n'kuyang'ana benchi yakumbuyo, ndipo ananena zonse kachiwiri ndi mawu awoawo. Ambiri m'chipindamo anali asanawamvepo mawu amenewo. Ndi aang'ono, osasa pang'ono, ndipo pofika pa amayi anaduka, n'kuyambiranso. Pothera anawonjeza kuti, "Kuwerenga siniziwa, mwamva nonse. Fabiano, unikhululukire."

Pakanema Katsache anayankha, ndipo a Sanford anaimitsa mawu ali poonekera. Giredi seveni yanga inakwanira kuwawerenga. Inali mizere iwiri yodzaza, yonena za lupanga loti likaponyedwe mumtsinje. Fabiano anaiyang'ana mizereyo ngati akuchonga mayeso.

Anati, "Akuti wamva, achimwene."

A Ezron anagwedeza mutu, n'kukhala pa kireti imene inali pafupi. Tepi inali itatsala ndi mphindi khumi. Anthu a m'katunimo anapitiriza kulankhula Chijapani chawo, mawu a m'munsi akuthamanga, ndipo tinaonera mpaka kumapeto popanda wotiuza kanthu. Ine sindinaone zambiri. Ndinkalira amayi, ndiponso ndinali nditakwiya kwambiri kuti mawu amene tinawadikira zaka zonsezi anali ochepa chonchi.