Agogo Mwale ndi Nkhani Imene Ahedi Anang'amba

Ndikakumbukira agogo Mwale, ndimamva fungo la utsi wa utuchi umene tinkaphikira magetsi akazima, losakanikirana ndi la mafuta a makina, komanso kugogoda kwa tayipi yawo yakale kumene kunkadutsa mpanda n'kutipeza kukhitchini kwathu m'dera la Unit D, kufupi ndi Harare. Ankakhala nyumba yoyandikana ndi yathu, ndipo sanali agogo anga enieni. Anakulira pafamu imodzi ya fodya ndi bambo a bambo anga, ndiye kwa ife anali akwathu basi. Ankandilankhula Chichewa, ine n'kumayankha Chishona, koma tinkamvana bwinobwino.

Anagwira ntchito pakampani yosindikiza mabuku ku Harare mpaka pamene inatsekedwa. Zaka zimenezo m'mipopi munkatuluka mphepo yokha, ndipo m'mawa uliwonse ndikamachokera kumjigo ndi wilibala ya zigubu, ndinkawapeza pakhonde atavala magalasi omangidwa ndi waya, akupukuta zilembo za tayipiyo ndi nthenga ya nkhuku.

Ndili Fomu 3 ku Zengeza, aphunzitsi athu a Chingerezi anayambitsa kanyuzipepala ka ana asukulu, mapepala anayi okha okhomedwa pabolodi pafupi ndi ofesi. Ine ndinalemba za zimbudzi zathu, zimene zinali zitadzaza chifukwa chosowa madzi, moti atsikana ambiri ankangojomba. Ndinamaliza ndi mawu akuti ahedi sizikuwakhudza poti ali ndi chimbudzi chawochawo chokiya. Pofika nthawi yopuma, ahedi anali atang'amba pepalalo. Analengeza kuti kanyuzipepala katha, ndipo ine anandiuza kuti ndikadzalembanso zotere ndidzafune sukulu ina.

Masana amenewo ndinapita kwa agogo Mwale ndikulira, n'kuwapatsa kope limene ndinayambira kulembamo nkhaniyo. Anaiwerenga kawiri.

"Rudo, zimbudzizi unaziona ndi maso ako?"

"Eya, agogo."

"Atsikana ojombawo unalankhula nawo?"

"Atatu."

"Nanga zoti ahedi sizikuwakhudza, anakuuza ndani?"

"Palibe, agogo. Ndinangoganiza."

"Iwowo alakwa kung'amba," anatero. "Mwana naye ali ndi pakamwa. Koma iwenso walowa mumtima mwa munthu osaodira."

Kutacha anavala jekete ndi tayi, n'kunena kuti andiperekeza. Tinayenda wapansi mpaka ku Zengeza, iwo akupumira m'njira, ine ndikuganiza kuti akukandipepesera. Titalowa mu ofesi anavula chipewa, anapereka moni mwaulemu m'Chishona chawo chopotoka, kenako anati, "Ahedi, sindinabwere kudzapepesa ayi. Ndabwera ndi mtolankhani, ali ndi mafunso."

Ahedi anati mwana sangafunse mafunso mkulu wa sukulu.

"Chabwino, ndifunse ineyo nkhalamba," anatero agogo. "Mutang'amba pepala lija, fungo linachoka?"

Ahedi anatsegula dilowa n'kutulutsa mulu wa makalata amene analembera maofesi osiyanasiyana kupempha madzi. Panalibe ngakhale imodzi imene inayankhidwa. Chimbudzi chokiya chijanso chinalibe madzi, ankachita kubwera ndi chigubu kuchokera kunyumba. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti masiku ano pepala lodandaula limawerengedwa ndi anthu amene sukuwadziwa, ndipo ntchito ya munthu imatha kuthera pomwepo. Aka kanali koyamba kuona kuti ahedinso amaopa.

Agogo anandigunyuza ndi chigongono. Ndinatulutsa kope n'kufunsa mafunso anayi amene anandibwerera m'mutu pomwepo. Ahedi anayankha onse.

Nkhani yatsopanoyo agogo anaitayipa kuseri kwa kalendala yakale, poti mapepala ankasowa. Ndinkawauza mawu, iwo n'kumagogoda ndi zala ziwiri, ndipo sanasinthe kanthu kupatula malo amodzi pamene ndinalakwitsa dzina. Zonse za zimbudzi zinatsala momwemo. Ndinangochotsa chiganizo chongoganizira chija n'kuikapo zimene ahedi ananena. Lolemba lotsatira, ahedi anaikhoma okha pabolodi.

Makolo anaiwerenga atabwera kumsonkhano. Madzi m'mipopi sanabwere, koma azibambo anakumba zimbudzi ziwiri kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo aliyense wa ife ankabwera ndi botolo la madzi osamba m'manja. Atsikana atatu ojomba aja anayambiranso sukulu. Kanyuzipepala kathu kanapitirira mpaka ndinamaliza Fomu 4. Nditakawauza agogo, anangoti m'Chishona, "Zvakanaka," kutanthauza kuti zili bwino, n'kundituma ndikawagulire tomato.

Lero ndine mphunzitsi ku Unit G, ndipo ndimayang'anira nyuzipepala ya ana a pasukulu pathu. Teremu yatha mtsikana wina wa Fomu 2 anagogoda pachitseko changa, kope m'manja, n'kundifunsa chifukwa chake ndimachedwa kubweza makope ndikatenga kukachonga. Ndinamukokera mpando, ndinamuyankha, ndipo nkhani yake inatuluka patsamba loyamba monga mmene anailembera.