Mbuzi za aSitima

Ku Nkhulambe ukafunsa kwa aGoodman Sitima, anthu amakulozera nyumba yatsopano kuseri kwa munda wa nandolo, n'kuwonjezera kuti, "Kwa aChingerezi apo." Dzinali analipata ndi choko. Anaphunzitsa mpaka imvi zinamera, ndipo atapuma ntchito pakamwa pawo sipanapume nawo. Masana ana a sekondale ankadzaza pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kawokawo. Zitsanzo za m'buku ankati ndi za eni ake, iwo ankatola za kumunda. "Since the first rains, we have planted maize," ankatero chala chili m'mwamba, n'kufotokoza kuti ukayamba ndi "since" utsatize "have", poti chinthucho chinayamba kale koma sichinathe. Ukayamba ndi "by the time" utsatize "had", poti iwe pofika zinali zitachitika kale. Mwana aliyense ankayenera kubwera ndi chiganizo cha zochitika kwawo. Wokopera m'buku ankabwezedwa, olo akhale mwana wa abusa.

Mwa ana onsewo wapamtima anali Lekani Makina, wamasiye amene aSitima anamulera ngati wobala okha. Anadya naye mbale imodzi, anamuphunzitsa mpaka nayenso anakhala mphunzitsi pa sekondale ya m'deralo. Lekani ankawatchula kuti bambo.

Chaka cha namondwe Freddy, phiri litagumuka, matope anatenga nyumba ya aSitima pamodzi ndi akazi awo, aHilda. Mwana wawo wachitsiriza, Aliness, anapulumuka poti anali kwa azakhali ake ku Boma. Atabwera, bambo ake anamuuza kuti madzi anawalekanitsa ndi mayi ake atagwirana manja. Mwanayo anagwiritsa mawu amenewo, ndipo ndi amene ankamutonthoza.

Koma sizinali choncho. ASitima atamva phiri likulindima anauza aHilda kuti adikire m'nyumba, iwo n'kuthamangira kukhola kukamasula mbuzi. Nkhaniyi inawadya m'kati miyezi yambiri, mpaka tsiku lina akusola nandolo ndi Lekani anaitulutsa. M'Chichewa inakana, m'Chilomwe inakana, inatuluka m'Chingerezi: "By the time I untied the goats, the water had taken my wife." Pomaliza kumasula mbuzi, madzi anali atapita kale ndi mkazi wawo.

"Aliness asadzamve," anatero. "Akadzamva, mwana ndilibenso."

"Bambo, ndidzafa nazo," anayankha Lekani.

Ha, pakamwa pa munthu! Chaka chotsatira kunabwera alendo a bungwe lina, kudzaona mmene aphunzitsi akuphunzitsira, kuti wochita bwino akamutumize ku maphunziro ku Blantyre. Lekani anaitana aSitima kuti adzaonerere. Mkuluyo anasita jekete, nakakhala kumbuyo kwa kalasi, mtima uli mbee. Aliness anali pa desiki yakutsogolo, poti anali mu Fomu 3 momwemo.

Phunziro linali lomwe lija la "by the time". Koma ana anachita manyazi ndi alendo, n'kumapereka ziganizo zozizira za basi ndi belu. Mlendo mmodzi anayasamula, wina anayamba kutokosa foni. Lekani anaona Blantyre ikumupulumuka m'manja. Anatola choko, nalemba pa bolodi ndi zilembo zikuluzikulu chiganizo cha aSitima, osasintha ngakhale liwu limodzi.

"Ichi si cha m'buku," anauza alendowo. "Anandiuza ndi munthu wa mudzi uno, wopulumuka pa namondwe. Ndani atiwerengere?"

Aliness, mwana wa aChingerezi, anakweza mkono monga mwa nthawi zonse. Anawerenga mokweza mpaka pa mbuzi, apo mawu anayamba kuchepa. Mudzi wonse unkadziwa khomo limene mbuzi zake zinapezeka zamoyo pachulu, zingwe zitamasulidwa bwinobwino, nyumba itapita. Anthu ankangoti ndi mwayi. Mtsikanayo anamaliza kuwerenga, natembenuka kuyang'ana kumbuyo kwa kalasi.

Alendo anapukuta misozi, nawomba m'manja. ASitima ankangoyang'ana mwana amene anamulera akugwedeza mutu kulandira ulemu, ndipo chimene anamva si manyazi ayi, koma kuwawa kwa munthu wogulitsidwa ndi wake yemwe.

Panja Lekani anawathamangira. "Bambo, dzina sindinatchule. Komanso si inu munkati chiganizo chizichokera kwathu?"

"Chichokere kwanu," anatero aSitima. "Chimenechi chinali cha kwanu?"

Lekani anakanda m'mutu. Galimoto ya alendo italiza hutala, anathamangira komweko. Ku Blantyre anapitadi, ndipo ndikumva kuti chiganizocho amachigwiritsabe ntchito, poti chimagwira mtima. Chimagwiradi, nanga n'kutsutsa?

Pobwerera kunyumba tsiku limenelo Aliness anayenda patsogolo pa bambo ake osacheuka. Atafika pa miyala ikuluikulu imene phiri linasiya m'njira, anaima.

"Amayi ankakudikirani m'nyumba?"

"Eya."

Aliness anapitiriza ulendo. Sanalire pamaso pawo, sanathawire kwa azakhali ake monga mmene aSitima ankaopera. Anakhala. Mpaka lero amasesa, amatunga madzi, amawachapira malaya. Mbuzi zokha ndiye saziyandikira, olo zilire chotani. Pansi pa mango ana anasiya kusonkhana, poti mwini wake anati mawu anamuthera.

ASitima akhululuka zambiri m'moyo mwawo, koma za Lekani akuti adzaziona Mulungu. Madzulo aliwonse amakhala pakhonde kudikira kuti mwina lero mwana wawo awaitana monga ankachitira kale, kuti ababa. Aliness amabwera ndi madzi osamba m'manja, n'kugwada mwaulemu wonse.

"Aphunzitsi, chakudya chapsa."